Cyrano de Bergerac m'Chichewa: tidule pati, nanga mphuno ija titani nayo?

Namaseko
Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumalidziwa bwino sewero la Edmond Rostand, Cyrano de Bergerac. Gulu ndi la anthu 12, amuna 8 ndi akazi 4, ndipo nthawi yomwe ilipo ndi ola limodzi ndi theka basi. Sewerolo ukalichita lonse limadya maola atatu, ndipo oyankhula m'menemo ndi oposa 40. Tidule pati kuti nkhani isathyoke msana? Nanga mphuno yaikulu ya Cyrano ija tiumbe ndi chiyani choti chisagwe munthu akayamba kukha thukuta?

Mphunzitsi_wa_French
Mayi Namaseko, musanagwire mpeni onani kaye mmene nyumbayo anaimangira. Magawo ndi asanu, anayi oyamba akuchitika mu 1640, lomaliza mu 1655. Loyamba lili m'holo ya zisudzo ya Hôtel de Bourgogne ku Paris, kumene Cyrano akupirikitsa wosewera wina, Montfleury, pa siteji kenako nkumenyana ndi Valvert uku akupeka ndakatulo. Lachiwiri lili mu shopu ya makeke ya Ragueneau, pomwe Roxane, mkazi amene Cyrano amamukonda mobisa, akuulula kuti mtima wake uli pa Christian, Cyrano ndi Christian nkupangana kuti wina apereke nkhope, wina mawu. Lachitatu ndi la pansi pa khonde la Roxane, lachinayi kunkhondo ku Arras, lachisanu m'munda wa masisitere.

Mizere yonse ndi pafupifupi 2,600, ndipo pa imeneyi Cyrano yekha wasenza pafupifupi 1,600. Constant Coquelin, amene anayamba kuvala mphunoyi pa 28 December 1897 ku Théâtre de la Porte Saint-Martin, anali ndi zaka 56, katakwe kale pa ntchito. Ndikutchula izi kuti muone pomwe pali mtolo. Kudula kwanu kwambiri kukhala kopepuza munthu mmodzi ameneyu.

Koma mpeni woyamba ugwere pachiyambi. Rostand amatichedwetsa ndi chikhamu cholowa m'holo: opisa m'matumba, tianyamata towedza mawigi a anthu ndi mbedza, mabwana odzionetsera. Zonsezo zimafuna anthu omwe inu mulibe. Cyrano asanatulukire, sungani zitatu. Christian afunse mnzake Lignière dzina la mkazi uja (Roxane) ndipo avomere kuti iye akaima pamaso pa mkazi lilime limauma. Ragueneau afotokoze za mphuno anthu asanaione. Ndiye mphekesera yoti amuna 100 akudikira Lignière pa chipata cha Porte de Nesle imveke, poti Cyrano akukamenyana nawo. Chachitatuchi ambiri amachitaya poyesa kuti nchapambali, kenaka mu gawo lachiwiri owonerera nkumadabwa kuti bala la padzanja la Cyrano lachokera kuti, ndiponso kuti nkhani imene Christian akumudula pakamwa ndi mawu oti “mphuno” ndi nkhani yanji.

Jere
Anthu 12 akwana. Asanu ndi mmodzi asasinthe mbali: Cyrano, Roxane, Christian, De Guiche (bwana wofunanso Roxane), Le Bret (mnzake wa Cyrano) ndi Ragueneau. Pa amuna atatu otsala, wa thupi lalikulu akhale Montfleury kenako Carbon de Castel-Jaloux, mkulu wa asilikali a ku Gascogne. Wachiwiri Valvert kenako msilikali. Wachitatu Lignière, kenako wansembe wa Capuchin womangitsa ukwati uja, kenako msilikali. Akazi atatu agawane mayi woperekeza Roxane, Lise mkazi wa Ragueneau, ndi mtsikana wogulitsa zakumwa. Omwewo avale zipewa ndi mikanjo akhale asilikali ku Arras, pomaliza akhale masisitere.

Chenjerani ndi Valvert. Wabayidwa anthu akuona, ndiye akatulukanso mu gawo lachiwiri ndi chipewa chomwecho, holo yonse iganiza kuti wachira walowa gulu la Cyrano. Musintheni chipewa, ndevu ndi kayendedwe. Mphindi gawani chonchi: 18, 20, 20, 17, 15.

Nachisale_Makeup
Za mphuno ndiyankhe ine. Phula lija amati nose putty musaliyese. Limaumbika msanga, koma holo ikatentha limafewa, ndipo akalikhudza ndi chipewa limapindika nkukhala choncho mpaka sewero kutha. Gelatin nayo imasungunuka ndi thukuta. Chotheka pa ndalama zochepa ndi latex yamadzi.

Yambani ndi kutenga chikombole cha nkhope ya mwini wakeyo. Alginate, yomwe a mano amatengera chikombole cha m'kamwa, ndi imene imagwira ntchito. Pakani mafuta pa nsidze, ikani alginate pa mphuno ndi masaya okha, pakamwa pakhale pamtunda kuti azipuma. Imalimba m'mphindi zitatu kapena zinayi. Kutirani ndi bandeji wa pulasitala kuti isapindike, chotsani, thiranimo plaster of Paris nthawi yomweyo poti alginate ikauma imakwinyika. Mawa lake muli ndi mphuno yake ya pulasitala. Pamenepo umbani mphuno ya Cyrano ndi plasticine. Musapitirire masentimita atatu kapena anayi kuchokera pomwe yake imathera, ndipo m'mbali mupsyatize mpaka dongolo lithere m'masaya. Thirani pulasitala wina pamwamba kuti mupeze chikombole chachiwiri, konkhonthani dongo, chiume bwinobwino.

Latex mumathira m'chikombolemo, kuzunguliza, kukhuthula yotsala, kudikira iume, kubwerezanso. Kunsonga maulendo 6 mpaka 8, m'mbali awiri okha. M'mbali mukakhuthala mumaoneka mzere ngati wa chigamba cha tayala. Musanaisolole, thirani paudala, apo ayi imamatana yokhayokha ndipo simuimatulanso.

Pali chimene mabuku ambiri a makeup sanena poti analembera khungu loyera. Latex ikauma imakhala yachikasu. Mukaipenta pamwamba pokha, thukuta likachotsa utoto m'mbali pamaoneka chikasu pakati pa nkhope yakuda. Sakanizani utoto wa acrylic wofiirira mu latex momwemo musanathire, pang'ono chabe, podziwa kuti ikauma imadera kuposa mmene ikuonekera ili yamadzi. Kunsonga dontheziranipo kofiira pang'ono, kupanda kutero imaoneka yakufa.

Pomata, pukutani khungu ndi sipiriti, pakani guluu wa pakhungu uja amati spirit gum m'mbali mokha, dikirani ngati mphindi imodzi kuti iyambe kunanda, kenako kanikizani kuyambira pakati pa maso kutsika. Mabowo a mphuno muwadule aakulu. Akachepa, munthu amayankhula ngati wa chimfine, ndiye mwapha sewero lomwe chuma chake ndi mawu. Muyeseni latex pamkono tsiku lathunthu lisanafike loti avale, ena imawatulutsa zidzolo. Pangani zitatu kapena zinayi. Super glue ayi, ngakhale zitavuta bwanji.

Kondwani_M
Nanga bwanji osangoisiya mphunoyo? Ku London mu 2019 James McAvoy anachita Cyrano wopanda mphuno yoikirira, motsogoleredwa ndi Jamie Lloyd, mawu atawalembanso Martin Crimp. Mu filimu ya 2021 Peter Dinklage analibenso. Ganizo la sewero la ku London lija ndi loti chilema chili m'mutu mwa Cyrano kuposa pankhope. Anthu onse pa siteji akamachita ngati akuiona, owonerera amaiona okha.

Jere
Achimwene, zimenezo zimayenda kwa owonerera amene nkhaniyo anakula nayo. Amene akuiona koyamba amatha gawo lonse akufunsana kuti mphuno ikunenedwayo ili kuti. Ine ndili kumbali ya a Nachisale, makamaka pa masentimita atatu aja. Mphuno ntchito yake ndi kuseketsa mphindi zisanu zoyamba, kenako anthu aiiwale. Ikakhala ngati chitsononkho, adzaseka mpaka pa imfa yake.

Kondwani_M
Pamenepo ndavomera. Ya chitsononkho ija imakanikanso kumwera madzi m'kapu, pomwe mu gawo loyamba amayenera kumwa, pamene wataya thumba la ndalama za mwezi wonse nkungolandira mphesa imodzi, madzi ndi theka la bisiketi. Kachigawo kameneko musadule, Mayi Namaseko. Ndi kamphindi kamodzi koma kamaonetsa kunyada ndi njala pamodzi.

Gogo_wa_Ndakatulo
Ana inu mwathamangira mphuno, chovuta chenicheni ndi chiyankhulo. Rostand analemba mu alexandrin: mzere wa maphatikizo 12, kupuma pang'ono pakati, mizere iwiriiwiri nkumathera mofanana. Musayese kutengera zimenezo m'Chichewa. “Je t'aime” ndi maphatikizo awiri, “ndimakukonda” ndi asanu. Mzere wa 12 kwathu kuno ungonyamula mneni ndi dzina limodzi, ganizo lisanathe mzere watha. Kufananitsa mathero nakonso nkotchipa, poti mawu athu onse amathera pa lembo la liwu ndipo aneni ambiri amathera pa a. Ukalimbikira zimenezo kwa ola lathunthu zimamveka ngati ndakatulo ya ana a sitandade 4. Ngakhale a Chingerezi anagawanika pa nkhaniyi: Brian Hooker mu 1923 anasiya mathero ofanana, Anthony Burgess anawasunga.

Malangizo anga ndi oti zokambirana zikhale Chichewa choyenda, chodalira kubwereza mawu, kuyalana kwa ziganizo ndi mvekero, zimene khutu lathu limamva kuti ndi luso. Ndakatulo yeniyeni muisungire malo awiri kapena atatu pomwe Cyrano mwini akuti akulakatula: pomenyana ndi Valvert, poonetsa asilikali a ku Gascogne kwa De Guiche, ndi m'kalata yotsanzika.

Pa chipongwe cha mphuno chija, Valvert wangoti mphuno yanu ndi yaikulu kwambiri, ndiye Cyrano akumuphunzitsa njira 20 zomwe akananyozera mwaluso. Sungani 7 kapena 8. Zomveka popanda kufotokozera ndi ya mbalame zopeza potera, ya chokolekapo chipewa, ya utsi wa fodya woti aneba nkukuwa kuti nyumba ikupsa, ya Nyanja Yofiira akatuluka kamfuno, ndi ya munthu wakumudzi wofunsa ngati ili vwende lopinimbira. Yomaliza imanyogodola mzere wa sewero la Théophile de Viau, limene palibe amene adzalizindikire, ndiye itayeni. Musalowetsemo mapiri kapena misika ya kwathu. Anthu aseka inde, koma mwawachotsa ku Paris ndipo kuwabwezako nkovuta. Ndipo wosewerayo asaiwale pomwe mawuwo akuthera: ndimadzinena ndekha, wina sindimulola. Ngati pamenepo sipamveka kuwawa, wangochita nthabwala.

Mphunzitsi_wa_French
Agogo akhudza pabwino. Ndiwonjezere ziwiri zimene Chichewa chimatha kuposa Chingerezi. Choyamba ndi vous ndi tu. Womasulira wa Chingerezi amataya kusiyanaku, ife tili ndi “inu” ndi “iwe”. Cyrano amamutchula Roxane “inu”, koma pansi pa khonde mtima ukasefukira lilime limaterereka nkumasakaniza ndi “iwe”, Roxane nayenso nkuyankha chimodzimodzi. Tsatirani buku la Chifalansa mzere ndi mzere pamenepo. “Iwe” woyambayo asafike msanga, ndipo akafika holo izimva.

Chachiwiri ndi msampha. Roxane ndi cousine wa Cyrano. Mukangoti “msuweni”, omvera athu amva chibale cha nthabwala, chomwe kwa Achewa sichiletsa ngakhale ukwati, ndiye adabwa kuti nanga akuopa chiyani. Gwiritsani ntchito kudabwa komweko. Cyrano azinena “msuweni”, mawu osiya khomo lotsegula. Koma mu shopu ya Ragueneau, Roxane akunena kuti iye anali ngati mlongo wake pamene ankasewera ali ana, mabango ali malupanga, ndevu za chimanga zili tsitsi la zidole. Apo anene “achimwene” momveka, uku akumumanga bala ndi mpango wake. Liwu limodzi lomwelo latseka khomo, iye asanatchule nkomwe Christian.

Namaseko
Eee, ya “achimwene” ija ndalemba. Nanga panache, liwu lomaliza la Cyrano asanafe, mumalimasulira bwanji?

Gogo_wa_Ndakatulo
Liwu limodzi lonyamula zonse kulibe. Panache ndi nthenga ya pachipewa cha msilikali, komanso ndi kulimba mtima kokhala ndi kaso, kugonja uli chilili. Mukati “ulemu wanga” mwataya chithunzi, mukati “nthenga yanga” popanda kukonzekeretsa anthu aseka. Mankhwala ake ali mu gawo lachinayi. De Guiche akudzitama kuti anataya mpango wake woyera kuti adani asamuzindikire, Cyrano nkumuyankha kuti mfumu Henri IV sakanavula nthenga yake yoyera, kenaka nkutulutsa mpangowo m'thumba, atakautola pomwe zipolopolo zimagwa. Mukadula pamenepo mwadula muzu wa mawu omaliza. Nenani “nthenga” momveka pamenepo, chipewa cha Cyrano chikhale ndi nthenga yoyera kuyambira poyamba, ndiye pomaliza liwulo lidziimira lokha.

Mbewe_Fight
Za lupanga mwachidule. Ndakatulo yomenyera ija ili ndi ndime zitatu za mizere 8 ndi kandime komaliza ka mizere 4, yonse 28, ndipo mzere wolonjeza kubaya pomaliza umabwera kanayi. Mangani ndewu pa mizere inayi imeneyo. Ulendo woyamba Cyrano akungozemba, wachiwiri akumugwetsera chipewa kapena kumupunthwitsa, wachitatu akumulanda lupanga nkumubwezera, wachinayi akubaya. Pakati pake mayendedwe atatu kapena anayi pa ndime akwanira. Mukachulutsa, mpweya umathera m'manja ndakatulo nkumamveka wefuwefu.

Malupanga akhale opanda nsonga ndi opanda kuthwa. Ngati achitsulo a pa siteji palibe, ndodo zowongoka zopenta zili bwino kuposa chitsulo chosula kwa owotcherera, chimene chimalemera ndipo chimatha kuduka pomwe anawotcherera. Poyamba yesani pang'onopang'ono kwa masabata awiri, liwiro libwere lokha. Ayang'anane m'maso asanayambe kusuntha kulikonse. Kubaya komaliza kudutse m'mbali mwa thupi kumbali yosaonekera kwa owonerera, Valvert ndiye agulitse bodzalo ndi thupi lake. Tsiku lililonse la sewero abwereze ndewuyo kamodzi zitseko zisanatsegulidwe.

Kalipentala
Khonde musasanjikize matebulo, chonde. Pamwambapo pakhala anthu awiri akusuntha, mmodzi atakwera mothamanga. Mangani nsanja ya mamita 1.8 kutalika, pamwamba 1.2 m'litali ndi m'lifupi. Miyendo ikhale matabwa a 2 by 4 ophatikiza awiriawiri, yomangidwa ndi mabawuti, misomali imasololoka mukanyamula kawiri katatu. Kumbuyo ndi m'mbali ikani matabwa opingasa ngati X, ndi amene amaletsa kugwedera. Kutsogolo kusiyeni pululu kuti Cyrano azioneka ali pansi. Chotchinga cha pamwamba chifike mita imodzi.

Thabwa lapansi litulukire kutsogolo masentimita 30 kapena 40 kupitirira miyendo. Kamlomo kameneko ndi kamene kamapangitsa anthu kukhulupirira kuti Roxane sakuona amene ali pansi. Popanda iko, aliyense amaona kuti akangowerama amugwira. Benchi yomwe Christian amapondapo pokwera imangiriridwe ku nsanja, ndipo maluwa oyanga aja akhale okongoletsa chabe, chogwira chenicheni chikhale thabwa lobisika kumbuyo kwake. Mukakweza kupitirira mamita awiri, mutu wa Roxane umalowa m'denga momwe magetsi safika.

Chisomo_Director
Khonde la a Kalipentala likaima, ntchito yaikulu ya sewero lonse ili pamenepo, ndipo ndi ntchito ya mawu. Cyrano ali ndi mawu atatu mu kachigawo kameneka. Oyamba ndi onong'oneza, akuuzira Christian, Christian nkumabwereza modukizadukiza mpaka Roxane kufunsa chomwe mawu akutsimphinira. Achiwiri ndi pamene wamukokera pansi nkulowa m'malo mwake, akuyankhula motsitsa kuti amveke ngati Christian. Achitatu ndi ake enieni, amene sitinawamvepo, opanda kudzitama ndi nthabwala za magawo awiri oyamba. Roxane mwini amanena kuti mawuwa ndi achilendo.

Cholakwika chofala ndi choti wosewera amalowa m'mawu achitatuwo msanga, kapena amakuwa ngati akulalika pa msika poti mizereyo ndi yokoma. Mawu amenewo awasunge ngati mbewu. Asawagwiritsenso ntchito pena paliponse mpaka mu gawo lachisanu powerenga kalata. Roxane amazindikira choonadi ndi khutu: akuti mawu awa ndinawamvapo. Ngati owonerera sawakumbukira limodzi naye, kuzindikira kwakeko kumaoneka kopeka. Poyeserera, chitani zigawo ziwirizi motsatizana tsiku limodzi, magetsi atazima, mumve ngati ali mawu amodzi.

Ya kunamizira kugwa kuchokera kumwezi, pamene Cyrano akuchedwetsa De Guiche kuti ukwati uthe, ifupikitseni ifike mphindi zitatu. Pa njira zopitira kumwezi zimene amatchula, ya mabotolo a mame ndi ya maginito zikwanira. Rostand anazitenga m'buku la Cyrano weniweni, Savinien de Cyrano de Bergerac, wobadwa mu 1619 nkumwalira mu 1655, lomwe linatuluka mu 1657. Iyeyu ku Arras anamenyadi nkhondo ndipo anavulala, koma anali wa ku Paris. Bergerac wa m'dzina lake anali malo a banja lake kufupi ndi Paris, osati tawuni ya kummwera ija.

Nyirenda_T
Ndiloleni ndisokoneze. Aliyense amati ndi sewero la kukongola kwa mumtima, koma taonani zomwe munthuyu wachita. Wanamiza mkazi mpaka kulowa m'banja ndi munthu amene sakumudziwa. Wawonjezera makalata, kawiri patsiku, kudutsa pakati pa asilikali a ku Spain, Christian osadziwa kuchuluka kwake. Kenako wamusiya akulira maliro zaka 15, kumamuyendera Loweruka lililonse ndi nkhani za m'tawuni. Kukongolako kuli pati? Kwa ine ndi mantha ovala suti.

Chisomo_Director
A Nyirenda, musachotse funso limenelo, liikeni pa siteji. Rostand mwini anaika wolifunsa, ndipo ndi Christian. Mu gawo lachinayi Roxane akamuuza kuti tsopano angamukonde ngakhale atakhala wonyansa, Christian ndi amene akuzindikira kuti wokondedwayo si iye, ndipo ndi amene akukakamiza Cyrano kuti akanene zoona mkaziyo asankhe. Pa anthu atatuwa, wofuna choonadi ndi iye. Nchifukwa chake kumusewera ngati chitsiru chokongola kumawononga sewero. Kwa amuna anzake ndi wochenjera, onani mmene amalasira Cyrano ndi mawu oti “mphuno” pamalo oyenera ndendende. Lilime limamuuma kwa akazi okha.

Ndiye Cyrano anatsala pang'ono kunena. Wafunsa Roxane, wayankhidwa kuti inde ngakhale wonyansa, watsegula pakamwa, Le Bret nkumunong'oneza kuti Christian waomberedwa. Apo siyani kachetechete wa masekondi asanu athunthu. Kenako akugwada nkunamiza womwalirayo kuti ndamuuza zonse ndipo wasankha iwe. Bodza limenelo ndi chifundo, koma ndi lomwenso likumumasula ku chinthu chimene wakhala akuchiopa moyo wake wonse. Wosewera wabwino amaonetsa zonse ziwiri.

Nyirenda_T
Chabwino, koma Roxane mumupatse mkwiyo pomaliza. Akafunsa chifukwa chomwe wakhalira chete zaka 14 zonsezi, lisakhale funso lolira mokoma. Wabedwa moyo.

Mphunzitsi_wa_French
Zoona, ndipo bukulo limalola. Roxane si mwanawankhosa. Ndi précieuse, mmodzi wa akazi ophunzira a ku Paris amene ankayesa mwamuna ndi kayankhulidwe. Ndi iye anapusitsa De Guiche kuti asilikali asapite kunkhondo, ndi iye anawerengera wansembe kalata yabodza kuti amange ukwati, ndi iye anadutsa pakati pa adani pa ngolo yodzaza zakudya. Mkazi wotero sangangoti zikomo. Pa manambala, musasokonezeke: mutu wa gawo umati papita zaka 15, koma m'zoyankhula amati 14, kuwerenga zaka zomwe Cyrano wakhala akubwera kwa masisitere. Sankhani imodzi kuti omvera asayambe masamu.

Magetsi_Banda
Gawo lachisanu limaima kapena kugwa ndi kuwala. Cyrano akufika mochedwa koyamba, chipewa chakanikizidwa kubisa bandeji poti amugwetsera chipika pamutu. Kuyambira pomwe wakhala pampando mpaka pa kalata, kuwala kuzitsika mosaoneka, mphindi 8 mpaka 10. Owonerera asaone kuti kukuda, angozindikira kuti kwada pamene Roxane akufunsa kuti mukuwerenga bwanji mumdima. Mukatsitsa mwadzidzidzi pa mzere womwewo, anthu amaganiza kuti magetsi avuta.

Ngati dimmer, chotsitsira kuwala chija, palibe, ikani mababu 6 kapena 8 aliyense ndi switch yake, muzizimitsa limodzilimodzi kuyambira akumbuyo, nthawi imene wina akusuntha kapena anthu akuseka, diso silizindikira. Mutsale ndi limodzi lofooka la buluu lochokera m'mbali, loti nkhope zizioneka koma pepala ayi. Lomwelo likhala mwezi umene akulankhula nawo pomaliza. Ochitira panja angathe kugwiritsa chisisira chenicheni, koma kuno sichichedwa, dzuwa likalowa mphindi 20 kapena 25 kwada bii, ndiye muwerengere nthawi yoyambira kuchokera kumapeto. Sungani nyali za batire ziwiri kuseri, zokutidwa ndi pepala la buluu.

Roxane ayende mwakachetechete aime kumbuyo kwa mpando, ayang'ane pepala, kenako nkhope yake. Pofika apo dzanja la Cyrano likhale litagwera pamwendo, maso ali kutsogolo kapena otseka, pakamwa pakupitiriza.

Namaseko
Zikomo nonse. Chotsala ndi chilolezo. Tiyenera kulipira wina aliyense?

Jere
Rostand anamwalira mu 1918, ndiye buku la Chifalansa ndi la aliyense. Zomasulira zatsopano zili ndi eni ake, monga ya Burgess ndi ya Crimp. Masulirani kuchokera ku Chifalansa, aphunzitsi ali pompano. Zithandizanso pa “inu” ndi “iwe” uja.

Nachisale_Makeup
Kanthu kamodzi kamene kamaiwalika mpaka tsiku lomaliza: kalata yotsanzika ikhale iwiri. Ya gawo lachinayi ndi yoyera, yokhala ndi kadontho ka msozi komwe Christian amakaona, ndipo imadetsedwa ndi magazi ofiira usiku uliwonse, ndiye konzani zambiri. Ya gawo lachisanu iviikeni mu tiyi wopanda mkaka, iume, muipinde ndi kuipindula mpaka m'mopindamo muyambe kuthetheka. Magazi ake akhale ofiirira ngati dzimbiri, a zaka 15 sakhala ofiira. Iyeseni ngati ikulowa ndi kutuluka bwino m'kathumba ka pakhosi pa Roxane, poti ikakodwa pamenepo amayamba kulimbana ndi chingwe anthu akuyang'ana. Ndipo lembanimo mawu enieni a kalatayo ndi inki, akutsogolo amaona pepala likakhala lopanda kanthu.